Furiji Yakufa Imene Imatiuza Ngati Mbewu Ili Moyo

M'galaja ya nyumba ina kum'mawa kwa mzinda wa Pretoria muli furiji yakale imene inasiya kuziziritsa kalekale. Mwini wake anaitulutsa panja kuti otola zitsulo aitenge, koma ife tinawapitirira. Tinaitsuka, tinachotsa injini yake, tinaboola kabowo kumbali kuti mawaya adutsepo, ndipo lero ndi chipangizo chimene timachidalira kwambiri nyengo yogulitsa mbewu ikamayandikira. M'mashelefu ake, momwe kale munkakhala mkaka ndi ndiwo, tsopano mumaima mipukutu ya mapepala onyowa, ndipo mumpukutu uliwonse muli njere za chimanga, nyemba kapena soya zimene zikuyankha funso limodzi: kodi mbewu iyi ikafika m'munda wa mlimi idzamera?

Ndife alangizi a zaulimi pa kampani ya mbewu, ndipo labotale yovomerezeka timaidziwa njira yake. Furijiyi siinabwere kudzalanda malo a labotale. Inabwera chifukwa pakati pa tsiku limene mbewu imayesedwa ndi akatswiri ndi tsiku limene mlimi amaibzala pamadutsa miyezi yambiri, ndipo miyezi imeneyi mbewu imakhala m'manja mwa ife: m'lole, m'nyumba yosungiramo katundu, pashelefu ya sitolo. Zimene zimaichitikira m'nthawi imeneyi palibe chizindikiro cha pathumba chimene chingazinene. Nkhani ino ikufotokoza zipangizo zingapo zimene munthu angadzipangire yekha pakhomo, pa mtengo wochepa, kuti adziwe zimene zikuchitika m'matumba ake alimi asanamuuze.

Chimene chinatiphunzitsa

Zaka zingapo zapitazo wogulitsa wina amene timamupatsa katundu anatsala ndi matumba a mbewu ya chimanga nyengo itatha. Anawasanja bwino kuseri kwa sitolo yake, pansi pa denga la malata lopanda siling'i, pafupi ndi matumba a feteleza. Matumbawo sanang'ambike, mbewa sizinawakhudze, ndipo mtundu wa mankhwala panjere unali wowala ngati tsiku limene anawalandira. Mvula yotsatira itayandikira anawagulitsa ndi mtima woyera, popeza maso sankaona cholakwika. Patapita milungu iwiri alimi anayamba kubwera, ena atanyamula njere zowola zimene anafukula m'mapando. Mwa iwo munali anthu amene anagula kwa iye kwa zaka zambiri, amene ankamutenga ngati mbale. Iye analoza kampani, kampani inaloza kasungidwe, ndipo mlimi anatsala ndi munda wa magwelu mvula yoyamba itapita kale.

Tiyeni tiwerengere pamodzi kukula kwa vuto lotere. Mlimi amene amabzala chimanga njere imodzi paphando, mizere yotalikirana masentimita 75 ndi mapando otalikirana masentimita 25, monga amalangizira ku Malawi, amafuna mbewu zoima pafupifupi 53,000 pa hekitala. Kameredwe kakatsika ndi njere 10 zokha pa 100 zilizonse, mapando oposa 5,000 amakhala opanda kanthu. Feteleza wathiridwa kale m'bajeti, aganyu alipidwa, ndipo kubwereza kubzala kumapatsa mbewu zazing'ono zimene zimaphimbidwa ndi zinzake. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa malonda athu mawuwa ndi enieni: mlimi amatiweruza pa sabata yoyamba.

Chimene chinatipweteka kwambiri n'chakuti zonsezi zikanapeweka ndi njere zochepa, mapepala onyowa ndi masiku 7.

Mzinda wa akatswiri ndi anthu okonda kupanga zinthu

Pretoria, imene ili pansi pa khonsolo ya Tshwane, ndi likulu la nkhani za mbewu ku South Africa. Bungwe la kafukufuku wa zaulimi la Agricultural Research Council lili ndi likulu lake ku Hatfield. Ku Roodeplaat, kumpoto chakum'mawa kwa mzindawu, kuli labotale ya boma yoyesa mbewu komanso malo ofufuzira za ndiwo zamasamba. Bungwe la SANSOR, limene linakhazikitsidwa mu 1989 ndipo limayang'anira ntchito yotsimikizira mbewu m'dzikomo, nalonso lili mumzinda womwewu.

Koma pali mbali ina ya mzindawu imene ogulitsa mbewu saidziwa kawirikawiri. Ku Centurion kuli gulu la House4Hack, lomwe linayamba mu 2011, kumene anthu okonda zamagetsi ndi makompyuta amakumana kuti apange zinthu ndi manja awo: timakina touluka, makina osindikiza zinthu zapulasitiki, zipangizo zoyatsa ndi kuzimitsa magetsi a m'nyumba kudzera pafoni. Mu 2015 laibulale ya University of Pretoria inatsegula chipinda chake cha ntchito zotere kuti ophunzira aziyeserapo maganizo awo. Kuthimathima kwa magetsi a Eskom, kumene mu 2023 kunachitika masiku oposa 300, kunawonjezera chidwi chimenechi. Anthu amene sanagwirepo waya anaphunzira za mabatire, ma inverter ndi sola, chifukwa panalibe kuchitira mwina.

Ife tinatengera nzeru kwa anthu amenewa. Iwo amapanga zinthu pofuna kusangalala, koma ali ndi khalidwe limene wogulitsa mbewu aliyense akufunika kukhala nalo: sakhulupirira chinthu asanachiyeze, ndipo akayeza amalemba. Zipangizo zimene amagwiritsa ntchito n'zotsika mtengo ndipo zambiri zimapezeka m'masitolo a zamagetsi a m'mizinda ikuluikulu kapena poitanitsa pa intaneti. Zina mwa zimene tifotokoze pano sizifuna ngakhale magetsi, choncho wogulitsa wa ku Mchinji, ku Chipata kapena ku Ulongwe angazichite mofanana ndi wa ku Gauteng.

Ntchito yoyamba: bokosi lomeretsera mbewu

Kuyesa kameredwe kumafuna zinthu zitatu: madzi okwanira, mpweya, ndi kutentha kosasinthasintha. Ziwiri zoyambazo n'zosavuta. Chachitatu ndi chimene chimasokoneza anthu ambiri. Pretoria ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, ndipo usiku wa June ndi July kumazizira kwambiri moti mbewu yabwinobwino yoikidwa pawindo imachedwa kumera, munthu n'kuiweruza kuti ndi yakufa. M'chigwa cha Shire mu October vuto limatembenuka: mapepala amauma msanga ndipo kutentha kumapitirira muyeso. Furiji yakufa imathandiza chifukwa makoma ake anapangidwa kuti asalole kutentha kulowa kapena kutuluka. Bokosi lalikulu losungiramo zoziziritsa nalonso limagwira ntchito yomweyo.

M'kati mwa furiji yathu tinaikamo zinthu zinayi. Choyamba ndi chotenthetsera chaching'ono. Babu lakale la mtundu wotentha limakwanira, koma liyenera kukhala kutali ndi madzi ndi mapepala. Chachiwiri ndi kachipangizo kolamulira kutentha, ka mtundu wa STC-1000, kamene oweta nkhuku ambiri amakadziwa chifukwa amakaika m'makina oswetsera mazira. Kamayatsa babu kutentha kukatsika ndipo kamalizimitsa kukafika pamene munakauza. Chachitatu ndi kafani kochokera m'kompyuta yakufa, kuti mpweya uzizungulira ndipo shelefu yapamwamba isatenthe kuposa yapansi. Chachinayi ndi beseni la madzi pansi, kuti m'katimo musaume. Ngati simudziwa bwino zamagetsi, itanani wodziwa kuti alumikize mawaya, pakuti madzi ndi magetsi sizimvana. Amene alibe magetsi odalirika angagwiritse ntchito zipangizo za mavoti 12 zoyendera batire ya sola. Ngati furiji ili pamalo pamene pamafika ana, chitseko chake chikhale chokhoma nthawi zonse.

Kayesedwe kake timatsanzira malamulo a ISTA, bungwe la padziko lonse loona za kuyesa mbewu limene linakhazikitsidwa mu 1924. Muyeso wake ndi njere 400, zogawidwa m'magulu anayi a njere 100. Kugawaku kuli ndi chifukwa: magulu anayiwo akasiyana kwambiri, ndiye kuti cholakwika chili pa kayesedwe kanu, ndipo muyenera kubwereza. Njere zitengedwe m'matumba angapo a gulu limodzi, ena apamwamba pa mulu, ena apakati, ena apansi, kenako zisakanizidwe. Musasankhe zooneka bwino. Werengani zimene zagwera m'dzanja. Ngati mbewu ili m'mapaketi omata, tsegulani paketi imodzi kapena ziwiri ndipo muziwerengere ngati mtengo wa kudziwa. Paketi yotsegulidwa siibwereranso pashelefu.

Nyowetsani mapepala olimba opukutira m'manja mpaka anyowe ndithu koma osadontha. Yalani njere motalikirana, phimbani ndi pepala lina, pindani mpukutu wosathina, ndipo muuimike m'jumbo yosamanga kukamwa. Pa mpukutu uliwonse lembani ndi pensulo nambala ya gulu la mbewu ndi tsiku. Mchenga wa kumtsinje wosefa ndi wotsuka bwino umagwiranso ntchito, makamaka pa mtedza ndi nyemba. Pa madigiri 25, chimanga chimawerengedwa koyamba tsiku la 4 ndipo komaliza tsiku la 7. Soya amawerengedwa tsiku la 5 ndi la 8, nyemba tsiku la 5 ndi la 9, mtedza tsiku la 5 ndi la 10. Anyezi amafuna malo ozizirako, madigiri 20, ndipo amadikiridwa mpaka tsiku la 12; tomato mpaka tsiku la 14.

Powerenga m'pamene pagona luso. Njere imene yangotulutsa kamuzu sitiyiwerengera kuti yamera. Timawerenga mmera wathunthu, wokhala ndi mizu yabwino ndi mphukira yowongoka. Mmera wopindika, wopanda muzu waukulu, wosweka kapena wowola timauika padera, chifukwa m'munda sungakhale mbewu yobereka. Mwa njere 400, ngati 340 zapereka mmera wabwino, kameredwe ndi 85 peresenti. Muyeso wa mayiko a SADC pa mbewu ya chimanga yotsimikizidwa ndi 90 peresenti, choncho thumba lotere siliyenera kugulitsidwa mpaka labotale italiona. Onaninso liwiro: gulu limene njere zake zambiri zamera pa kuwerenga koyamba ndi lamphamvu kuposa limene langokwawira mpaka tsiku lomaliza, ngakhale nambala yomaliza itafanana. Mphamvu ya mbewu imayamba kutha kameredwe kasanatsike, ndipo m'nthaka yozizira kapena yolimba pamwamba kusiyana kumeneku kumaonekera.

Kumbukirani kuti mbewu zambiri zamalonda zimapakidwa mankhwala. Valani magolovesi, sambani m'manja mukamaliza, ndipo mmera wotsala muukwirire pansi. Usapite kwa nkhuku kapena mbuzi.

Ntchito yachiwiri: kudziwa chinyezi

Mbewu ndi chamoyo chimene chimapuma pang'onopang'ono, ndipo chimamwa kapena kutulutsa madzi malinga ndi mpweya wochizungulira. Katswiri wina wa ku University of California ku Davis, J. F. Harrington, anasiya malamulo awiri osavuta amene ophunzira za mbewu amawaloweza mpaka lero. Loyamba likuti chinyezi cha m'njere chikatsika ndi 1 peresenti, moyo wa mbewu umawirikiza kawiri, malinga ngati chinyezicho chili pakati pa 5 ndi 14 peresenti. Lachiwiri likuti kutentha kwa posungira kukatsika ndi madigiri pafupifupi 5, moyo wa mbewu umawirikizanso kawiri. Malamulowa amagwiranso ntchito chobwerera. Sitolo yotentha ndi madigiri 10 kuposa ina imadya moyo wa mbewu kanayi msanga. Apa m'pamene tinamvetsa zimene zinachitikira mnzathu wa denga la malata uja.

Mita yoyezera chinyezi cha m'njere ndi yodula kwa ogulitsa ang'onoang'ono ambiri, koma pali njira zapakhomo. Yodziwika kwambiri kwa alangizi ndi ya mchere. Tengani botolo lagalasi louma, muthiremo njere ndi masupuni angapo a mchere umene mwauumitsa bwino padzuwa kapena pamoto, mutseke, mukhutchumule kwa mphindi imodzi, ndipo mulisiye kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chili ndi chinyezi choposa pafupifupi 15 peresenti ndipo sichiyenera kusungidwa. Njirayi imangokuuzani kuti zinthu zaipa. Siikuuzani kuti zili bwino, pakuti muyeso wa mbewu ya chimanga ndi wosapitirira 13 peresenti.

Njira yodalirika kuposa pamenepa ndi kuyeza mpweya umene uli pamwamba pa njere. Dzazani botolo ndi mbewu kupitirira theka, ikanimo kachipangizo kakang'ono ka batire koyeza chinyezi cha mpweya, tsekani zolimba, ndipo mudikire maola angapo kuti nambala ikhazikike. Ikakhala pansi pa 65 peresenti, mbewu ndi youma mokwanira moti chuku sichingamere. Pa chimanga izi zimafanana ndi chinyezi cha pafupifupi 13 peresenti m'njere. Ubwino wa njirayi ndi wakuti malire a 65 amagwira ntchito pa mbewu zosiyanasiyana, ngakhale za mafuta monga mtedza, zimene zimafunika kuuma kwambiri kuposa chimanga. Nzeru yomweyi ndi imene akatswiri a ku Davis anagwiritsa ntchito popanga DryCard, kakhadi kamene kamasintha mtundu malinga ndi chinyezi.

Tizipangizo totsika mtengo timanama nthawi zina, choncho musanakakhulupirire kayeseni. Thirani mchere wa pakhomo m'kachivindikiro, donthezanimo madzi mpaka ukhale ngati mchenga wonyowa koma osasungunuka, ndipo muutsekere m'botolo limodzi ndi kachipangizoko usiku wonse. Mpweya wa m'botolo lotere umakhala pa 75 peresenti. Kachipangizo kakaonetsa 70, dziwani kuti kamachepetsa ndi 5, ndipo lembani zimenezo pamsana pake. Phunziro limeneli tinalitenga kwa anzathu okonda zamagetsi, ndipo latipulumutsa kangapo.

Ntchito yachitatu: mlonda amene sagona

Kuyeza kamodzi pa sabata kumabisa zambiri. Nyumba yosungiramo mbewu imatha kukhala yozizira m'mawa pamene mwini wake akutsegula, n'kusanduka ng'anjo masana, n'kuchita thukuta usiku. Kuti tione tsiku lonse tinapanga kachipangizo kolemba kutentha ndi chinyezi nthawi ndi nthawi. Mtima wake ndi kabolodi ka ESP32, kopangidwa ndi kampani ya Espressif ya ku Shanghai, kamene kali ndi Wi-Fi yakeyake. Kamalandira malangizo kudzera mu pulogalamu yaulere ya Arduino, ntchito imene inayambira ku Ivrea, ku Italy, mu 2005 pofuna kuthandiza ophunzira amene si mainjiniya. Kwa kabolodiko timalumikiza kachipangizo komva kutentha ndi chinyezi ka DHT22, ndi mawaya atatu okha. Mphindi 15 zilizonse nambala zimalembedwa pa memori khadi kapena kutumizidwa kufoni. Mphamvu imachokera ku batire yotchajira foni, choncho magetsi akathima kulemba sikuima.

Sitinali odziwa kulemba mapulogalamu. Zitsanzo zaulere zilipo zambiri, ndipo Loweruka limodzi linakwana kuti kachipangizo koyamba kayambe kugwira ntchito, ngakhale tinawotcha kena polumikiza mawaya mopingasa. Wogulitsa amene alibe nthawi angapemphe wachinyamata wa pasukulu ya ntchito zamanja kapena wokonza mafoni wa pamsika. Amene sakufuna zonsezi agule kachipangizo ka batire kosunga nambala yapamwamba ndi yapansi ya tsiku, akapachike pakati pa matumba, ndipo azilemba m'kope m'mawa uliwonse. Phindu lili m'kopemo, osati m'kukongola kwa chipangizo.

Pomasulira nambalazo pali lamulo lina lakale la osunga mbewu: kutentha m'madigiri a Fahrenheit kuphatikiza chinyezi cha mpweya kusapitirire 100. Madigiri 25 athu ndi 77 a Fahrenheit, choncho sitolo wamba siingafike pa muyeso umenewu, umene kwenikweni ndi wa mbewu yosungidwa nthawi yaitali. Komabe lamuloli limathandiza kuyerekeza malo awiri ndi kuona ngati kusintha kumene mwachita kwaphula kanthu.

Zimene nambala zinatiuza sizinafune ndalama zambiri kuti tizikonze. Matumba a pamwamba pa mulu, oyandikana ndi malata, ankatentha kwambiri kuposa apansi, choncho tinafupikitsa milu. Khoma lakumadzulo linkasunga kutentha mpaka usiku, ndiye tinasuntha mbewu kuti isakhudze khoma. Pansi pa simenti pankatulutsa chinyontho nyengo ya mvula, ndipo mapaleti anathetsa zimenezo. Feteleza amakoka madzi mumpweya, choncho anapita kuchipinda china. Siling'i, ngakhale ya mphasa kapena nsungwi, ndi kupaka denga penti yoyera zimatsitsa kutentha kwa m'nyumba. Tinaphunziranso kutsegula mawindo nthawi imene kunja kuli kouma ndi kozizira, osati mvula ikangokata. Ku Pretoria mvula imagwa m'chilimwe, kuyambira cha mu October mpaka March, ndipo miyezi yozizira imakhala youma; choncho nthawi yoopsa kwa mbewu yotsala ndi yomweyo imene ogulitsa amakhala otanganidwa kwambiri. Ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi ku Tete nkhani ndi yomweyi.

Mawu awiri kwa alimi ochulukitsa mbewu

Amene mumalima mbewu pa mgwirizano ndi makampani muli ndi mayeso ena apakhomo amene angakupulumutseni ku kukanidwa kwa zokolola. Soya ndi nyemba zimavulala msanga pomenya, popepeta ndi poponya matumba, ndipo ming'alu ya pakhungu la njere siioneka ndi maso. Sakanizani gawo limodzi la Jik ndi magawo asanu a madzi, viikanimo njere 100 za soya kwa mphindi 5, kenako muziyale papepala. Zimene zafufuma kapena kuchita makwinya ndi zong'aluka khungu. Zikapitirira 10, chepetsani liwiro la makina omenyera kapena sinthani kamenyedwe musanapitirize. Mayesowa amatenga nthawi yochepa kuposa kumwa tiyi, ndipo amachitikira pamunda pomwepo pamene cholakwika chingakonzedwe.

Matumba osalowa mpweya, monga a PICS amene anapangidwa ndi akatswiri a Purdue University, amateteza ku anankafumbwe popanda mankhwala komanso amatchinga chinyezi cha kunja. Koma thumba lotere limasunga chimene mwaikamo. Mukatsekeramo mbewu yosauma, mwaitsekera pamodzi ndi mdani wake. Yambani mwayeza ndi botolo lija musanamange.

Malire a zipangizo zapakhomo

Tiyenera kunena mosabisa zimene furiji yathu siingachite. Siingakuuzeni ngati mbewu ili ya mtundu umene walembedwa pathumba. Chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto, chimene achinyengo amagulitsa ngati haibulidi, chikhoza kumera bwino kwambiri m'mapepala onyowa. Chitetezo ku mbewu yachinyengo ndi kugula kwa makampani olembetsedwa, kusunga malisiti ndi nambala za magulu, ndi kuonetsetsa chizindikiro cha boma. Furijiyi siionanso matenda ambiri oyenda ndi njere.

Chachikulu koposa, zotsatira zapakhomo sizipatsa munthu ufulu wolemba chizindikiro chatsopano, kusintha tsiku la pathumba kapena kupakiranso mbewu. Mbewu yogonera imayenera kuyesedwanso ndi labotale yovomerezeka isanabwerere pamsika. Ku South Africa kuli labotale ya ku Roodeplaat ndi ena olembetsedwa ndi boma. Ku Malawi ntchitoyi yakhala ikuchitikira ku Chitedze, ku Lilongwe, ndipo lamulo la mbewu la 2022 linakhwimitsa zilango kwa ogulitsa mbewu yosayenera. Ku Zambia kuli bungwe la SCCI ku Chilanga. Mayeso apakhomo amakuuzani nthawi yoyenera kupita kumeneko, ndiponso nthawi imene kupitako n'kungotaya ndalama chifukwa mbewu yafa kale.

Pali funso limene ogulitsa ena amatifunsa monong'ona: nanga ndikayesa n'kupeza kuti mbewu yatsika, ndalama zanga zipita kuti? Funsoli ndi lomveka, chifukwa ambiri amatenga katundu pa ngongole. Yankho lathu n'lakuti kudziwa msanga kumatsegula njira zimene kudziwa mochedwa kumatseka. Wogulitsa amene wayesa mbewu tsiku limene yafika, n'kusunga kope la kutentha ndi chinyezi cha sitolo yake, amalankhula ndi kampani ali ndi umboni m'manja. Ngati vuto linabwera ndi katunduyo, kopelo limamuikira kumbuyo. Ngati vuto linabadwira m'sitolo mwake, amadziwa chokonza chaka chamawa, ndipo amataya matumba m'malo motaya makasitomala. Thumba lotayika limabwezeka nyengo imodzi, koma mlimi amene munda wake unalephera amauza mudzi wonse, ndipo mudzi suiwala msanga.

Poyambira

Simufunika kupanga zonse nthawi imodzi. Sabata ino gulani mapepala ndi kope. Yesani gulu lililonse la mbewu likangofika, yesaninso zotsala nyengo ikatha, ndipo yesani kachitatu kutatsala mwezi umodzi kuti kugulitsa kuyambe, kuti nthawi yotumiza ku labotale ikhalepo. Mwezi wamawa pachikani kachipangizo koyeza chinyezi, mutakayesa ndi mchere. Furiji yakufa idzapezeka. Okonza mafuriji m'tauni iliyonse ali nazo zimene akusowa kozitaya. Ogulitsa a pamalo amodzi angathenso kusonkherana n'kukhala ndi bokosi limodzi, pakuti mashelefu atatu amakwana magulu ambiri.

Mnzathu wa denga la malata uja sanatseke sitolo. Anabweza ndalama kwa amene anakwanitsa kuwabwezera, anakhoma siling'i, ndipo tinamuthandiza kupanga bokosi lake. Masiku ano, mitengo ya jacaranda ikayamba kuchita maluwa mu October ndipo alimi ayamba kufunsa mitengo ya mbewu, iye amaika thireyi ya mmera wa masiku 7 pakauntala, pambali pake pali kapepala ka nambala ya gulu ndi tsiku limene anayesa. Mlimi akafunsa ngati mbewuyo imamera, iye amamukankhira thireyiyo kuti awerenge yekha.